Andiletsa kuwerenga Baibulo ndi amayi anzanga: kodi Mkhristu wamba angatanthauzire yekha Malemba?

Mayi a Tadala (Namwera):
Abale ndi alongo, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira Lamulungu, ndiye mundithandize maganizo mosapsatira. Mpingo wanga sinditchula, anthunso sinditchula.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno. Chaka chatha amayi ena oyandikana nawo anandipempha kuti Lachinayi ndikaweruka tizikhala pakhonde panga ndiziwawerengera Baibulo, poti atatu mwa iwo sanapite kusukulu ndipo ena maso anayamba kuchita chidima. Tilipo asanu ndi anayi. Sitilalikirana ayi. Timawerenga mutu umodzi, aliyense anena chomwe wamvapo, tipemphera, basi aliyense kukaphika.

Masabata atatu apitawo mmodzi anabwera diso lili lotupa. Sikanali koyamba. Titamufunsa anati sangapite kwa ankhoswe chifukwa Baibulo limati mkazi azimvera mwamuna wake. Vesi limeneli analimva kuchilangizo, analimva tsiku la ukwati, ndipo bambowo amalitchulanso akatha kumumenya. Ine ndinatsegula Aefeso 5 n'kuwerenga kuyambira vesi 21 mpaka 33, osawonjezera kanthu. Atamva kuti mwamuna azikonda mkazi wake monga Khristu anakondera mpingo mpaka kuufera, ndiponso kuti palibe munthu amadana ndi thupi lake lomwe, mayi uja anagwetsa misozi. Anati, "Zaka zonsezi bwanji sanandiwerengereko apa?" M'mawa mwake anapita kwa amalume ake kukafotokoza zonse.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi mkulu wina wa mpingo anandiitanira pambali. Akuti bambo aja akadandaula kuti ndikupasula banja lawo. Anandifunsa kuti mphamvu yotanthauzira Malemba anandipatsa ndani, nanditsegulira 2 Petro 1:20, pomwe pamati chinenero cha m'Malemba sichitanthauziridwa ndi munthu payekha. Akuti za Lachinayizo ndiyambe ndasiya mpaka abusa adzabwere. Abusa athuwo ali ndi mipingo ingapo, kuno amafika mwina kamodzi pa miyezi iwiri.

Mtima ukundiwawa chifukwa mkuluyu ndimamulemekeza, ndi amene ananyamula maliro a bambo anga. Koma kodi ndinalakwa? Mkhristu wamba saloledwa kumva yekha zomwe Mawu akunena?

Blessings (Mpondasi):
Amayi pitirizani, musaope munthu. 1 Yohane 2:27 ikunena poyera kuti kudzoza komwe tinalandira kumakhala mwa ife ndipo sitisowa wina wotiphunzitsa. Yesu atafa chinsalu cha m'kachisi chinang'ambika kuchokera kumwamba mpaka pansi. Asodzi a ku Galileya aja anali ndi dipuloma yanji?

Nambewe:
Pepani amayi. Mayi womenyedwayo ali bwanji panopa? Chimenecho ndiye chikundidetsa nkhawa kuposa zina zonsezi.

Mayi a Tadala (Namwera):
Akadali kwa amalume ake ndi ana awiri aang'ono. Diso laphwa. Ankhoswe akuti akumana Loweruka.

A Katekisi Mbewe (Nankumba):
Mayi a Tadala, choyamba ndikuthokozeni chifukwa chosamusiya mnzanuyo. Kumenya mkazi ndi tchimo, palibe mpingo woona ungakuuzeni zina.

Koma mwana wanga Blessings, taganiza bwino. Yohane amene akuti simusowa wokuphunzitsani, m'kalata yomweyo akutani? Akuphunzitsa. Ankachenjeza Akhristu za anthu omwe anatuluka pakati pawo n'kuyamba kukana kuti Yesu ndiye Khristu. Akuti zachilendo za anthu amenewo simukuzisowa, gwirani zomwe munamva kuyambira pachiyambi. Sakuti aliyense akhale mphunzitsi wa iye mwini.

Ife Akatolika timasiyanitsa zinthu ziwiri. Kuwerenga Mawu, kuwasinkhasinkha, kugawana ndi anzako, zimenezo Mpingo umatilimbikitsa. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican m'chaka cha 1965 unanena kuti Malembo Oyera akhale ofikirika kwa Mkhristu aliyense, n'chifukwa chake m'miphakati yathu timakhala pansi sabata ndi sabata kugawana Mawu, nthawi zambiri popanda wansembe. Koma kugamula kuti chiphunzitso choona ndi ichi, udindo umenewo uli ndi aepiskopi pamodzi ndi Papa. Msonkhano wa ku Trent unanenapo kale mu 1546 kuti munthu asamapotoze Malembo kutsata nzeru zake motsutsana ndi momwe Mpingo wakhala ukuwamvera. Werengani Ntchito 8, buku lomwe ena mumati Machitidwe. Nduna ya ku Etiopiya ija inali munthu wophunzira, wosunga chuma cha mfumukazi, buku la Yesaya lili m'manja. Filipo atamufunsa ngati akumva zomwe akuwerenga, anayankha kuti angamve bwanji popanda womutsogolera. Safunsa anadya phula.

Yendani kuchokera pa Bakili Muluzi Bridge kukafika ku Monkey Bay, muwerenge zikwangwani za matchalitchi m'mbali mwa msewu. Onsewo Baibulo ndi limodzi, onse akuti Mzimu wawauza. Mzimu mmodzi angauze anthu zinthu zotsutsana?

Blessings (Mpondasi):
A Katekisi, ndikulemekezani, koma ndiye kuti tizingolandira chilichonse chochokera kuguwa? Machitidwe 17:11 akuyamikira anthu a ku Bereya chifukwa tsiku ndi tsiku ankafufuza m'Malemba kuti aone ngati zomwe Paulo ankanena zinali zoona. Paulo weniweniyo ankamufufuza! Nanga mkulu wa mpingo wa ku Namwera ndi ndani?

A Kamwendo (Koche):
Blessings, chepetsa liwiro, mkuluyo ndi kholo la wina. Ine ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, ndiye ndilankhulako mbali yake. Bambo akabwera kudzadandaula kuti kunyumba kwa wakuti kukuchitika misonkhano ndipo mkazi wanga wachoka, mkulu sangangokhala. Timaopa magulu ongoyamba pakhonde chifukwa tinawaonapo. Amayamba ndi mapemphero, pakatha chaka mwini khonde wasanduka mtumwi, nkhosa zagawikana. Mayi a Tadala mukanawadziwitsa akuluakulu poyamba pomwe kuti tili ndi kagulu kotere, lero bwenzi akukuikirani kumbuyo. Pamenepo pokha ndiye ndikuti munaphonya.

Koma kukuletsani kuwerenga, ayi, pamenepo mnzangayo walakwitsa, ndipo walakwira mbiri ya mpingo womwe. Martin Luther ataimitsidwa pamaso pa mfumu ku Worms mu 1521 anakana kubweza mawu ake pokhapokha atamutsimikizira kuchokera m'Malemba. William Tyndale anaphedwa mu 1536, munthu amene anatembenuzira Chipangano Chatsopano ndi mbali ina ya Chakale m'Chingerezi kuti ngakhale wolima kumunda aziwerenga. Ndipo tisapite kutali. Kuno kwathu ku Cape Maclear ndi kumene amishoni a Livingstonia anayamba kumanga mu 1875, manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero. Sanachedwe kutsegula sukulu. Ankafuna chiyani? Kuti munthu wakuda atsegule yekha buku. Woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, ndipo Robert Laws ndi anzake atasamukira ku Bandawe ntchito ya pa Cape Maclear inatsala m'manja mwake. Sanadikire kuti apite kukoleji. Ndiye ife lero tiziuza mphunzitsi wa sukulu kuti atseke Baibulo mpaka abusa adzabwere miyezi iwiri ikubwerayi?

Bambo Jere:
Nonse mukuzungulira. 1 Timoteo 2:12 ikuti mkazi asaphunzitse. Nkhani yathera pomwepo.

Nambewe:
Bambo Jere, tsegulaninso Tito 2:3 mpaka 5. Amayi achikulire aziphunzitsa amayi achitsikana. Pakhonde paja pali mwamuna? Ndipo Machitidwe 18:26, Priskila ndi mwamuna wake Akula anamutenga Apolo, mlaliki wodziwa Malemba, n'kumuwongolera. Mwachita zomwezo zomwe anachita bambo womenya mkazi uja, kutola vesi limodzi n'kutseka buku.

Admin:
Tilemekezane abale. Tikambe mfundo, tisalozane zala.

Madalitso (Zomba):
Ndine mwana wa ku Malindi koma pano ndikuphunzira za ubusa, ndiye ndiponyeko zomwe taphunzira, akuluakulu mundikonze.

Vesi lomwe mkuluyo anatsegula, 2 Petro 1:20, nalonso akatswiri amalimva pawiri. Ena amati likunena za wowerenga, kuti asatanthauzire mwa yekha. Ena amati likunena za mneneri, kuti uneneri sunachokere m'mutu mwake, ndipo amaloza vesi 21 lomwe likupitiriza kuti anthu aja analankhula motsogozedwa ndi Mzimu Woyera. Ine ndimatsamira kwachiwiriku chifukwa cha vesi 21 lomwelo. Koma onani, kuti mkuluyo aligwiritse ntchito pa Mayi a Tadala, anayenera kusankha tanthauzo limodzi mwa awiriwa. Ndiye kuti naye anatanthauzira. Palibe amene amawerenga osatanthauzira. Ngakhale bambo womenya uja anatanthauzira, kungoti anatanthauzira moipa.

Chinanso, m'Chichewa mawu oti kumasulira timawagwiritsa ntchito pawiri: kuchotsa mawu m'chilankhulo china, komanso kufotokoza tanthauzo. Ndipo n'zoona, ziwirizi sizisiyana kwenikweni. Baibulo lomwe lili m'manja mwathu ndi lomasulira kale. Buku Lopatulika linatha mu 1922, ntchito yomwe anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed pamodzi ndi aphunzitsi akuda. Akatolika anali ndi lawo, Malembo Oyera. Buku Loyera linatuluka mu 1998, Akatolika ndi mipingo ina atagwirira limodzi. Pomwe Buku Lopatulika likuti Yehova, Buku Loyera likuti Chauta. Anthu anakhala pansi n'kusankha. Choncho munthu wonena kuti "ine ndi Baibulo langa basi, sindifuna munthu" waiwala kuti pali anthu ambirimbiri omwe anamugwira dzanja asanatsegule n'komwe.

Za Aefeso 5, Mayi a Tadala munachita bwino kuyambira pa 21. Paulo sanalembe manambala a mavesi. Mitu inagawidwa zaka zoposa 1,000 iye atamwalira, ndipo manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. M'mipukutu ina yakale kwambiri ya Chigiriki, vesi 22 lilibe n'komwe mawu oti mverani, likubwereka ku vesi 21 lomwe likuti muzimverana wina ndi mnzake poopa Khristu. Ndiye wodula pa 22 wadula chiganizo pakati.

A Katekisi Mbewe (Nankumba):
Madalitso wanena bwino, koma waonatu kuti watithandiza chifukwa waphunzira. Za Chigirikizo Mayi a Tadala akanazidziwa bwanji pakhonde? N'chifukwa chake ansembe athu amatha zaka ndi zaka kuseminale. Petro yemweyo pa 2 Petro 3:16 akuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kumva, zomwe anthu osaphunzira ndi osakhazikika amazipotoza n'kudziwononga nazo.

Mayi a Tadala (Namwera):
A Katekisi, zoona Chigiriki sindichidziwa. Koma kuti mwamuna asamenye thupi lake lomwe, zimenezo zinali m'Chichewa choyera, ndipo mayi wosapita kusukulu anazimva nthawi yomweyo. Chomwe chikundipweteka n'choti ophunzirawo analipo zaka zonsezi. Pa ukwati wake panali mlaliki. Kuchilangizo kunali amayi a mpingo. Palibe anafika pa vesi 28.

Anachisale (namwino):
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhule monga munthu wogwira ntchito kuchipatala. Sinditchula malo. Tinali ndi bambo wina wa zaka za m'ma 30, ankamwa ma ARV bwinobwino, thupi linabwerera, anayambanso kupalasa kabaza. Kenako anasowa miyezi isanu. Pobwera anachita kumunyamula. Mkazi wake anatiuza kuti kumapemphero ena anawawerengera Yesaya 53:5, kuti ndi mikwingwirima yake tinachiritsidwa, n'kuwauza kuti kupitiriza mankhwala ndi kukayika Mulungu. Botolo anakaliponya m'chimbudzi. Tinayesetsa koma sanatuluke wamoyo. Anasiya ana atatu.

Ndiye ndikamva mawu oti aliyense atanthauzire yekha, thupi langa limachita tsembwe. Za ku Shakahola ku Kenya mu 2023 munazimva, anthu oposa 400 anafukulidwa m'nkhalango atauzidwa kuti asale kudya mpaka akaonane ndi Yesu, ndipo mwa iwo munali ana ambiri. Ku Kanungu ku Uganda mu 2000 anthu mazanamazana anapsera m'tchalitchi. Onsewo mavesi anali nawo.

Koma ndinenenso chilungamo. Bambo wa kabaza uja Baibulo analibe. Ndinamufunsa mkazi wake, anati m'nyumba mwawo munalibe. Sanatanthauzire yekha, anamutanthauzirira wina, iye n'kungovomera kuti ameni. Akanakhala wowerenga mwina akanakumana ndi pomwe Yesu akuti odwala ndiwo asowa sing'anga, kapena pomwe Paulo akumutchula Luka kuti sing'anga wokondedwa. Mwina akanafunsako. Ndiye sindikudziwa kuti ndiime mbali iti. Wondiopsa ine ndi munthu amene amatanthauzira popanda womufunsa, kaya ali paguwa kaya ali pakhonde.

Blessings (Mpondasi):
Achemwali, nkhani imeneyo yandikhudza. Ine ndimakhulupirira machiritso ndipo sindisintha, koma woletsa munthu mankhwala ndi wakupha. Kwathu abusa amanena kuti pempherera mankhwalawo, umwe.

Che Amidu:
Ndine Msilamu koma ndili pagulu pano monga mwana wa Mangochi, mundilole. Ifenso nkhani imeneyi tili nayo. Mwana amapita kumadrasa kukaphunzira kuwerenga Qur'an m'Chiarabu, ena amaloweza mitu yambiri, koma kuwerenga ndi kwina, tafsiri, ndiko kutanthauzira kwake, ndi ina. Tafsiri timasiyira mashehe omwe anaphunzira chilankhulo, Hadith (zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad) ndi chifukwa chomwe ndime iliyonse inatsikira. Panopa Qur'an ilipo m'Chichewa ndi m'Chiyao, achinyamata akuwerenga okha, ena akumvera maulaliki pafoni, ndiye mafunso achuluka kuposa kale. Ndipo musaganize kuti poti tili ndi mashehe ndiye sitisiyana. Za sadaka ya maliro ndi zikiri, magulu athu awiri, a Kadiriya ndi a Sukuti, akhala akusiyana kuyambira nthawi ya agogo athu, mbali zonse kuli anthu ophunzira.

Koma ichi chokha ndinene. Mlongo wanga atabwera diso lotupa, sindingayambe ndafunsa kuti anamuwerengera buku ndani. Ndingayambe ndafunsa kuti wamumenya ndani. Mkulu wa mpingoyo bambo uja anamufunsa?

Mayi a Tadala (Namwera):
Che Amidu, funso limenelo ndinalibe mphamvu yolifunsa Lamulungu lija. Zikomo.

Limbani (Johannesburg):
Moni kumudzi. Ine ndiyankhe a Katekisi pa mfundo yoti ophunzira ndiwo atiteteze. Kuno ku Joni tikukhala ndi zipsera za tsankho mpaka lero. Omwe ankaikira kumbuyo apartheid ndi Baibulo sanali anthu a pakhonde. Anali abusa ndi maprofesa odziwa Chiheberi ndi Chigiriki, ankatenga nkhani ya nsanja ya Babele pa Genesis 11 n'kumati Mulungu mwini anafuna mitundu ikhale yolekana. Zinatengera mpaka 1982 kuti bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse, pamsonkhano wa ku Ottawa, linene kuti chiphunzitso chimenecho ndi mpatuko. Agogo a ku Soweto osaphunzira anadziwa kalekale kuti n'chabodza. Ku America eni akapolo ankawawerengera akapolo awo Aefeso 6:5, akapolo mverani ambuye anu, buku lomwelo la Aefeso. Ife a ku Mangochi za ukapolo sitichita kumva kwa wina, njira yake inkadutsa kwathu komweko. Ndipo John Chilembwe akanadikira kuti azungu amutanthauzirire, bwenzi 15 January tikukumbukira ndani?

Sindikunyoza sukulu. Koma wophunzira naye ali ndi mimba, ali ndi mtundu, ali ndi womulipira.

A Kamwendo (Koche):
Limbani wanena zoona, komatu mbiri ili ndi mbali ziwiri. Nthawi yomweyo ya Chilembwe kunali Elliot Kamwana ku Nkhata Bay, anabatiza anthu zikwizikwi mu 1908 ndi 1909 akulalikira kuti ufumu ufika mu 1914. Anthu anakhulupirira ndi mtima wonse. 1914 inabwera ndi nkhondo, dziko silinathe. Wowerenga yekha amalakwa, sinodi imalakwa. Kusiyana kwake n'koti sinodi ikalakwa pamakhala pokaidandaulira ndi poibweza, ngakhale mochedwa. Munthu amene ndi yekha mutu wa tchalitchi chake mukamudandaulira kuti?

Chifundo:
Poti tafika pamenepa, nanga za chakhumi pa Malaki 3:10? Ife amatiwerengera mwezi ndi mwezi koma Deuteronomo 14 pomwe akuti chakhumi chizidyedwanso ndi amasiye ndi alendo sanatiwerengerepo.

Admin:
Achimwene Chifundo, imeneyo ndi nkhani yaikulu payokha, muiyambitse mawa. Lero tithandize Mayi a Tadala.

Bambo a Yamikani (Msaka):
Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndine msodzi, ndiye ndinena za kunyanja. Tikapita kokoka usipa usiku, pamakhala siginala. Iyeyo ndiye amakhala ndi nyali, amadziwa pomwe nsomba zaunjikana, akati ponyani chilimira timaponya. Mlovi aliyense akamaponya pomwe wafuna tibwerako chimanjamanja, mwinanso ukonde ung'ambika. Ndiye a Katekisi sakunama, wotsogolera amafunika.

Koma m'boti aliyense ali ndi maso. Mwera ukamabwera, mwana wamng'ono amene wangoyamba kumene akauona, amakuwa. Sitimufunsa kuti wakupatsa mphamvu yoona ndani. Siginala wanzeru amatembenuka n'kuyang'ana. Siginala wouza alovi kuti tsinzinani ndione ndekha, ameneyo tsiku lina adzamiza anthu.

Kugombe kuno abusa sabwera kawirikawiri. Anyamata amagona m'zisakasa miyezi, ndalama ikapezeka imathera ku mowa ndi akazi. Alipo mnzathu wina amatiwerengera Baibulo la pafoni pansi pa thandala la usipa tikamadikira dzuwa lipendeke. Pena timakangana, pena sitimva, timasunga funso mpaka tidzaone wodziwa. Anyamata awiri anasiya mowa chifukwa cha zimenezi, wina anayamba kutumiza ndalama kwa mkazi wake. Mukatiletsa, mutipatsa chiyani m'malo mwake?

Agogo Nasibeko (Malindi), polemba ndi mdzukulu wawo:
Agogo akuti ndilembe chonchi. Iwo ndi a Anglican, anabadwira pamishoni pompano. Akuti kale m'nyumba munkakhala Baibulo limodzi, madzulo bambo awo ankawerenga pa koloboyi, ana onse atakhala pamphasa, ndipo akafika povuta ankati tikafunse kwa aphunzitsi Lamulungu. Akuti panalibe wonena kuti kuwerenga n'kulakwa, panalibenso wonena kuti kufunsa n'kupusa. Akuti kutchalitchi kwawo Mawu amawerengedwa motsata kalendala, Chipangano Chakale, Salimo, kalata, Uthenga Wabwino, kuti wansembe asamangosankha zomwe amazikonda. Akuti masiku ano mlaliki amatenga vesi limodzi n'kukuwa nalo maola awiri, n'chifukwa chake anthu akudziwa mavesi koma Baibulo sakulidziwa. Akuti Mayi a Tadala apitirize kuwerenga mutu wonse, asamadumphe ngakhale powawa, ndipo mkuluyo amuitane adzakhale nawo.

A Katekisi Mbewe (Nankumba):
Agogo anena zomwe ndimafuna kunena. Ine sindinati Mayi a Tadala asiye. Zomwe akuchitazo kwathu ndi mphakati ndithu. Pomwe ndaima ine ndi apa: kaguluko kakhale kodziwika kumpingo, ndipo pakabuka nkhani ya chiphunzitso, monga ubatizo kapena Ukaristiya kapena kutha kwa ukwati, mawu omaliza asachokere pakhonde. Pa Ntchito 15 nkhani ya mdulidwe itavuta ku Antiokeya, sanati aliyense aone yekha. Anapita ku Yerusalemu kwa atumwi ndi akulu. Apa a Kamwendo ndi ine tisiyana pa yemwe ali ndi mawu omalizawo, ndipo sitigwirizana lero.

A Kamwendo (Koche):
Sitigwirizanadi a Katekisi, kwa ife mawu omaliza ali ndi Malemba, ndipo sinodi iweruzidwa ndi Malembawo. Koma pa Ntchito 15 pomwepo, vesi 22 ikuti mpingo wonse unali nawo pa chigamulocho.

Anachisale (namwino):
Mayi a Tadala, pambali pa zonsezi, mumuuze mnzanuyo kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support. Ankhoswe akambirane, koma akamenyedwanso apite kuchipatala akalembetse mabalawo. Asabwerere chifukwa chongoopa anthu.

Nambewe:
Ndipo Loweruka kwa ankhosweko asapite yekha.

Mayi a Tadala (Namwera):
Abale, ndabweranso, pepani dzulo netiweki inavuta. Ndinawerenga zonse mpaka usiku, zina kawiri.

Lero m'mawa ndisanapite kusukulu ndinapita kwa mkulu uja pamodzi ndi amayi a tcheya a chigwirizano cha amayi. Ndinayamba ndi kupepesa kuti kagulu kathu sindinakadziwitse kumpingo, monga ananenera a Kamwendo. Kenako ndinafunsa funso la Che Amidu. Anakhala chete nthawi yaitali. Anati bambo uja sanawauze za kumenya, anangoti mkazi wachoka chifukwa cha ziphunzitso za kwa aphunzitsi. Amayi a tcheya anawauza kuti diso analiona ndi maso awo, ndipo si chaka chino chokha.

Sanandiuze kuti ndinachita bwino. Akuti akuonabe kuti nkhani za banja ndikanazipititsa kwa akuluakulu m'malo motsegula Aefeso ndekha. Ine ndinawayankha mwaulemu kuti mayi akulira pakhonde panga sindikanamuuza kuti adikire miyezi iwiri, ndipo zitachitikanso ndidzatsegulanso. Pamenepo sitinamvane, tinangosiyira pomwepo. Koma chiletso achotsa. Akuti Lachinayi likubwerali abwera adzakhale nafe, ndipo bambo uja amuitanitsa kubwalo la mpingo sabata yamawa. Abusa akadzabwera tidzawafotokozera tonse awiri, aliyense mbali yake.

Amayi aja ndawauza kuti mkulu akubwera. Awiri achita mantha, akuti sadzalankhula. Mayi wamkulu pa tonse, yemwe sadziwa kuwerenga, wati iye ali ndi funso lomwe wakhala akulisunga la pa Aefeso 5:21, akufuna adzawafunse mkuluyo kuti mwamuna kumvera mkazi wake kumaoneka bwanji, poti iye zaka 60 sanakuonepo.

Madalitso, ukadzabwera ku holide udzatipeze, tili ndi mafunso ena a ku Chivumbulutso omwe tinangowasiya. Ndipo ngati alipo pagulu pano ali ndi Buku Loyera lomwe sakuligwiritsa ntchito, kapena Baibulo la Chiyao, andibwerekeko. Ife tili ndi Buku Lopatulika limodzi lokha, Chinyanja chake china chimatilaka, ndipo amayi awiri amamva bwino Chiyao.

Bambo a Yamikani (Msaka):
La Chiyao lilipo kwa mlamu wanga kuboma. Ndimuuza alipereke kwa kondakitala wa minibasi ya ku Namwera Lachitatu, mudzalilandire pa siteji.